Geji ya pulesha ya WIKA 213.53 pa ntchito za madzi: pomwe imagwira bwino ndi pomwe siyenera kuikidwa

M'nyumba zambiri za mapampu mumapezeka geji pa paipi yotulutsa madzi, koma muvi wake uli gone pa ziro pampu ikulira, kapena unakakamira pa 4 bar (bar ndi muyeso wa pulesha, kapena kuti mphamvu ya madzi) kuyambira chaka chatha ngati wotchi yakufa. Zikatero woyendetsa pampu amangodalira khutu ndi dzanja: kumvera kulira kwa mota ndi kugwira paipi. Geji yomwe tikuiunika pano, WIKA 213.53, inapangidwira malo otere, pomwe paipi imanjenjemera tsiku lonse. Ndi ya kampani ya ku Klingenberg ku Germany, yomwe ilinso ndi nthambi ku Johannesburg. Maganizo athu ndi akuti pa madzi oyera ndi geji yodalirika, koma ambiri amaigula ya saizi yolakwika, n'kuimanga molakwika, kenako n'kuyembekezera kuti iwauze zinthu zomwe geji ya muvi singathe kunena.

Mkati mwake mulibe batire kapena waya. Muli kapaipi kophwatalala kopindika ngati chilembo C, kotseka kumapeto. Madzi akalowa ndi mphamvu, kapaipiko kamafuna kuwongoka, ndipo kusuntha kwakeko kumadutsa pa timagiya n'kuzunguza muvi. Luso limeneli ndi la Eugène Bourdon wa ku France, la mu 1849, ndipo silinasinthe kwenikweni. Pa 213.53, kapaipi ndi mazinga omangira ndi za bulasi, chikombole chakunja ndi chitsulo chosachita dzimbiri, galasi ndi lapulasitiki, ndipo mkati munathiridwa mafuta a gilisalini, omwe aja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola nthawi yozizira.

Mafutawo ndiwo mukulipira. Geji youma ikamangidwa pa pampu, muvi umavina moti simungawerenge kanthu, mano a timagiya amadyeka, ndipo pakapita miyezi muvi umayamba kudumpha kapena kugwa kumene. Mu gilisalini muvi umayenda pang'onopang'ono, timagiya timakhala m'mafuta, ndipo chinyezi sichipanga nkhungu kuseri kwa galasi. Mpata wa mpweya womwe umaoneka pamwamba si chizindikiro choti yadontha, anausiya dala kuti mafuta akatentha apeze kofufumira.

Imabwera ya mamilimita 50, 63 ndi 100, ndipo kusiyana kwake si kukula kwa nkhope kokha. Ya 63 ili m'gulu la 1.6, ya 100 ili m'gulu la 1.0. Nambala imeneyi ikutanthauza kuchuluka kwa zomwe geji ingaphonye, powerengera sikelo yonse osati pomwe muvi waloza. Geji ya 0 mpaka 10 bar ya gulu la 1.6 ikhoza kuphonya ndi 0.16 bar paliponse. Ya 0 mpaka 25 bar ya gulu lomwelo ikhoza kuphonya ndi 0.4 bar. Popeza 1 bar ndi msinkhu wa madzi wa mamita 10.2, kuphonya kumeneko ndi mamita 4 athunthu. Munthu amene wagula ya 25 bar "kuti ikhale yolimba" n'kuiika pa mzere wa 2 bar wagula chokongoletsa paipi.

Kulakwitsa kwa mbali inayo, kugula ya sikelo yochepa, n'kumene kumapha mageji. Ya 63 sayenera kuigwiritsa ntchito kupitirira magawo atatu mwa anayi a sikelo ngati pulesha ili yokhazikika, kapena magawo awiri mwa atatu ngati ikukwera n'kutsika. Ya 100 imapirira sikelo yonse pulesha ikakhala yokhazikika, ndipo kwa kanthawi kochepa imapirira kufika pa 1.3 kuchulukitsa sikeloyo. Tiyerekeze pampu yokweza madzi ku thanki yomwe ili mamita 60 pamwamba, n'kuonjezerapo mamita 8 otayika chifukwa cha kukhuzana kwa madzi ndi paipi. Geji iwerenga pafupifupi 6.7 bar. Pa geji ya 63 ya 10 bar ndiye kuti mwafika kale pa malire, musanatseke n'komwe valavu yotulutsira, pomwe pampu imakankha kuposa pamenepo. Apa tengani ya 16 bar. Kapaipi ka Bourdon kakangokokedwa kupitirira muyeso kamodzi, sikabwereranso. Mudzaona muvi ukuima pa 0.5 bar mutamasula geji n'kuigwira m'manja, ndipo imeneyo yatha, palibe choikonza.

M'nyumba ya mapampu, ife tikanasankha ya 100 nthawi zonse. Imawerengeka muli pakhomo, usiku ndi tochi. Ya 63 ndi yoyenera m'thumba la pulambala, yoyezera pa mpope wa kasitomala amene akudandaula kuti madzi alibe mphamvu.

Mphamvu ya madzi m'mizinda yathu imasiyana kwambiri malinga ndi mapiri. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa mamita pafupifupi 800 kudzera pa mapampu ena ku Chileka. Msinkhu wonsewo utati ukhale pa paipi imodzi ukanayandikira 80 bar. Ku Zomba nkhani ndi ina, madzi amachita kutsika okha kuchokera ku damu la Mulunguzi pa phiri, ndiye vuto ndi kuchepetsa mphamvu kuti mapaipi a kumunsi asaphulike. Palibe sikelo imodzi yokwanira malo onse. Werengerani msinkhu wa malo anu musanalembe oda.

Tsopano kamangidwe, pomwe pali zolakwika zambiri.

Mazinga a geji imeneyi nthawi zambiri ndi G ¼ pa ya 63 ndi G ½ pa ya 100. Mazinga a G ndi owongoka, sathina akamalowa, ndipo madzi amatsekedwa ndi kawashala kophwatalala komwe kamakhala pansi pa soketi. Tepi yoyera yokulunga pa mazinga ija ndi ya mazinga osongoka, monga NPT ndi R. Mukaikulunga pa G popanda kawashala, mumangolimbitsa mpaka kuthyola, ndipo tizidutswa ta tepi timakatseka kabowo kolowera madzi. Chosokoneza n'chakuti G ½ ndi ½ NPT onse ali ndi mazinga 14 pa inchi, ndiye amalowana kawiri katatu n'kukunamizani kuti zatheka. Pa ¼ amasiyana, 19 ndi 18. Pomanga, sipanala igwire pa khosi la bulasi, ya 14 pa geji yaing'ono ndi ya 22 pa yaikulu. Kupotokola chikombole ndi manja kumapinda zamkati geji isanayambe n'komwe ntchito.

Pamwamba pa chikombole pali kachivindikiro ka labala. Pa mageji a 16 bar kutsika pansi kamakhala ndi potsegulira mpweya, ndipo kamabwera kotseka kuti mafuta asatayike paulendo. Mukamaliza kumanga geji ili chilili, tsegulani. Mukaiwala, mafuta akatentha amapanga pulesha yawoyawo mkati, imene imakankha kapaipi ka Bourdon chobwerera, ndipo geji imawerenga mochepekera. Pa geji ya 4 bar yomwe ili padzuwa la mu Okutobala ku Nchalo kapena ku Nsanje, kusiyanako kumaoneka ndi maso. Ngakhale mutatsegula, opanga amanena okha kuti kutentha kukachoka pa madigiri 20, kukwera kapena kutsika, geji ikhoza kuphonya ndi 0.4 peresenti ya sikelo pa madigiri 10 aliwonse. Kachidenga ka lata pamwamba pake kamathandiza, komanso kamachedwetsa mafuta kusanduka achikasu.

Pakati pa paipi ndi geji pakhale kavalavu, makamaka ka njira zitatu. Kameneka kamakulolani kutseka madzi, kutulutsa pulesha yotsalira, n'kuona ngati muvi wabwerera pa ziro, pampu osaimitsa. Ndi mayeso a mphindi imodzi oyenera kuchitika mwezi uliwonse. Kamathandizanso kufwenthetsa matope, chifukwa nthawi ya dzinja madzi a mumtsinje akasanduka phala, kabowo ka geji kamatsekeka ndipo muvi umaima malo amodzi. Geji imene sikusuntha ngakhale pang'ono pampu ikamayaka ndi kuzima, muziikayikira. Kumbukiraninso msinkhu: mukaikweza pa khoma mamita 2 pamwamba pa paipi, iwerenga mochepa ndi 0.2 bar.

Geji imodzi pa pampu imanena theka la nkhani. Ikani ina kolowera madzi, ya sikelo yoyambira pa -1 bar, ndipo muzilemba zonse ziwiri m'buku limodzi ndi ma amp a mota (kuchuluka kwa magetsi omwe mota ikukoka). Pulesha yotulutsa ikakwera koma madzi ofika ku thanki n'kuchepa, funani valavu yosatseguka bwino kapena mpweya womwe wakodwa pamwamba pa chitunda. Ikatsika mwadzidzidzi ma amp n'kukwera, paipi yaphulika penapake. Ikamatsika pang'onopang'ono miyezi ikamapita, impela (chipupa chozungulira chokankha madzi mkati mwa pampu) ikudyedwa ndi mchenga. Yolowera ikachoka pa -0.3 n'kufika pa -0.6, sefa ya pa futi valavu (valavu ya kumapeto kwa paipi yokokera madzi) yadzaza zinyalala kapena mtsinje waphwera, ndipo mukamva pampu ikulira ngati ikupukusa timiyala, zimitsani musanataye impela. N'chimodzimodzi pa valavu yochepetsa pulesha ndi pa sefa ya mchenga: geji kutsogolo, geji kumbuyo, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndiko kukuuzani nthawi yotsuka.

Kufooka kwake kwenikweni kukuchokera m'mafuta omwe tawayamikira aja. Magetsi akazima mwadzidzidzi pampu ili pa liwiro, madzi a mu paipi amaima n'kubwerera kukamenya valavu. Mu paipi yachitsulo, kuimitsa mwadzidzidzi madzi oyenda mita imodzi pa sekondi kumatha kuonjezera pafupifupi 10 bar m'kuphethira kwa diso. Gilisalini amachititsa kuti muvi ungogwedera pang'ono, koma kapaipi ka mkati kalandira nkhonya yonse, ndipo mapaipi a PVC a kumunsi nawonso alandira. Woyendetsa pampu amalumbira kuti pulesha sinapitirirepo 7 bar, chonsecho majointi akuphulika sabata ndi sabata. Kachipangizo kochepetsa kabowo kolowera madzi kamateteza geji ku nkhonyayi, koma sikateteza paipi ndipo kamatsekeka msanga m'madzi amatope.

Chachiwiri, geji imeneyi sisunga zomwe yaona. Pulesha yokwera kwambiri m'mapaipi a mumzinda imabwera cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, mipope yonse itatsekedwa, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene madzi ambiri amathawira pansi. Pa bowo la m'paipi yachitsulo, kutsitsa pulesha kuchoka pa 6 kufika pa 4 bar kumachepetsa kudontha ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo pa mng'alu wa paipi yapulasitiki, womwe umayasama pulesha ikakwera, phindu limaposa pamenepo. Kuti mudziwe zimenezi pamafunika chida cholemba pulesha maola 24, kapena sensa yosintha pulesha kukhala magetsi a 4 mpaka 20 mA (mamiliamp) monga WIKA A-10 yolumikizidwa ku kompyuta. Pa sensa ya 10 bar, 4 mA ndi ziro, 12 mA ndi 5 bar, ndipo mukaona 0 mA ndiye kuti waya waduka. Ngakhale pamenepo geji ya muvi ikhale pambali, chifukwa mphezi ikawotcha sensa ndi yokhayo imatsala.

Pali mapaipi omwe 213.53 isayandikire. Pa mzere wothirira klorini kapena alamu (mankhwala oyeretsera madzi), bulasi amadyeka mpaka kapaipi kuboola. Pa zonyansa za m'masuweji kamatsekeka tsiku lomwelo. Malo amenewa amafuna geji yokhala ndi kachikopa kotchinga kuti madziwo asalowe mkati. Madzi otentha kupitirira madigiri 60 nawonso ayi. Pa maboila a m'mafakitale a tiyi ndi shuga pamafunika ya chitsulo chokhachokha monga WIKA 232.50, yomangidwa pa kapaipi kopota ngati mchira wa nkhumba kuti nthunzi izizire isanafike.

Galasi lapulasitiki silisweka chisawawa, koma limakalika mukamalipukuta ndi sanza ya mchenga, ndipo thinala amalichita mbuu. Bulasi nayenso amakopa ogula zitsulo zakutha. Pa chemba chosakiyidwa cha m'mbali mwa msewu, ndi bwino kungosiya kavalavu kotsekedwa ndi pulagi, geji n'kumabwera nayo poyeza.

Mtengo wake umaposa wa mageji opanda dzina a m'mahadiweya, ndipo umasinthasintha ndi kwacha. Pa thanki ya pakhomo kusiyanako sikungakupindulireni kwenikweni. Pa pampu yomwe ikumwetsa tauni kapena sikimu ya mthirira, geji yotchipa yosinthidwa kawirikawiri imadzadula kuposa. Pogula, onani pa nkhope yake ngati palembedwa EN 837-1 (muyezo wa ku Ulaya wa mageji otere) ndi nambala ya gulu, ndipo onetsetsani kuti muvi uli pa ziro geji itaimikidwa chilili. Ina yatsopano isungidwe m'kabati osamangidwa paliponse, yoti kamodzi pachaka muziyerekezera nayo zinzake pa kavalavu ka njira zitatu kaja. Polemba oda tchulani zonse: saizi, sikelo, mtundu wa mazinga, komanso ngati khosi lili pansi kapena kumbuyo, chifukwa ya khosi lakumbuyo ikamangidwa pamwamba pa paipi yogona imayang'ana kudenga ndipo mafuta amatulukira potsegulira mpweya paja. Tiwashala muitanitsiretu tambiri, kamodzi kakaphwanyidwa sikabwerezedwanso.