Makalasi a Loweruka okonzekera mayeso olowera kukoleji ku Nchalo

Makalasiwa, omwe amakonzekeretsa ofuna kulowa m'makoleji a zaumoyo, ndi othandiza kwambiri pa Biology ndi masamu. Aphunzitsi amapereka mafunso akale, kuika wotchi patebulo, n'kuchonga pomwepo. Apa m'pamene wophunzira amazindikira kuti amalephera chifukwa chokakamira funso limodzi lovuta nthawi n'kumutha.

Chemistry ndiye ikutsimphina. Titration, njira yoyezera mphamvu ya mankhwala osungunuka powadonthezera ena pang'onopang'ono, amaphunzitsa pabolodi chabe, popanda burette, kachubu kagalasi kodonthezera mankhwalawo. Ambiri amaiwalanso kugawa ndi 1000 posintha cm³ kukhala dm³, yankho lonse n'kulakwika. Zimenezi n'zofunika kubwereza sabata iliyonse, koma amangozidutsa.

Sankhani kalasi ya m'mawa, chifukwa masana m'chipinda cha malata kutentha kwa Okutobala kuno sikulola mutu kugwira. Ochokera ku Ngabu kapena Bangula, werengeranitu ndalama ya minibasi, ndipo kalikuleta bwerani ndi yanu.