Wotchi ndi yabwino, koma kwa wogulitsayu sindidzabwerakonso

Ndinaitanitsa Casio MTP-V001L, ya siliva ya lamba wakuda wachikopa, kwa mnyamata wina wogulitsa mawotchi pa WhatsApp ku Lilongwe. K68,000 ija ndinamutumizira pa Mpamba Lolemba m'mawa, ya basi ndinalipiranso ndekha. Ukwati wa mng'ono wanga unali Loweruka kuno ku Zomba ndipo besitimani ndinali ine. Zonsezi ndinamufotokozera, mpaka chithunzi cha suti ndinamutumizira: suti yakuda, nsapato zakuda, lamba wam'chiuno wakuda wa chitsulo chasiliva. G-Shock yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yabwino kuntchito ndi kumunda, koma ndi yonenepa, imakola pamkono wa shati, ndiye ndinkafuna yopyapyala yoti izilowa bwinobwino mkati.

Katundu anafika Lachinayi madzulo. Kutsegula bokosi, wotchi ndi yagolide, lamba wabulawuni. Pakapepala kake palembedwa MTP-V001GL. Chilembo G chimenecho ndiye chimasonyeza kuti ndi ya mtundu wagolide, ndipo munthu amene amagulitsa mawotchi tsiku lililonse sangandiuze kuti sakuchidziwa. Ndinamuimbira nthawi yomweyo, osayankha. Ndinaimba kanayi, uthenga wanga akuuwerenga ndithu koma ali zii. Anadzayankha cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo mawu ake sindidzawaiwala: "Bwana, wotchi ndi wotchi, zonse zimawerenga nthawi imodzimodzi. Zasiliva zinatha." Zinatha liti? Ndalama ukulandira Lolemba lija zinali zisanathe? Chinamuvuta n'chiyani kundiuza kuti ndisankhe ndekha? Nditati andibwezere ndalama, akuti ndiyambe ndabweza wotchiyo, ya basi ndilipirenso ine, ndipo ndalamayo ndidzaiona akaigulitsa kwa wina. Pepani sanamutchule olo kamodzi. Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama ayi, koma kundiyankha ngati ndine wovuta, chonsecho mtundu ndinauchita kulemba, nambala ndinalemba, chifukwa chake ndinanena. Besitimani amakhala pafupi ndi mkwati tsiku lonse, kutchalitchi, pazithunzi, kuholo nthawi ya perekaniperekani mkono uli poyera anthu onse akuona. Lamba wabulawuni pa suti yakuda ndi nsapato zakuda amaoneka ngati wotchi yobwereka. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Lachisanu ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawotchi pakhonde pafupi ndi msika. Anaitembenuza, kuiyang'ana kumbuyo, nati, "Mwana wanga, iyi ndi yeniyeni, si zija zongomata dzina. Vuto ndi lamba basi." Anayeza m'lifupi mwa pokolekera lamba, kutulutsa timapini tiwiri tija, n'kuikapo lamba wakuda, K6,000, mphindi khumi zisanakwane. Wabulawuni uja anandikulungira m'pepala kuti ndikasunge. Anandichenjezanso kuti mawu oti WR pawotchi ngati iyi amatanthauza kuti imapirira madontho a mvula ndi posamba m'manja, osati kusamba nayo kapena kulowa nayo m'nyanja, ndipo lamba wachikopa ndiye amadana ndi madzi komanso thukuta la mu Okutobala.

Golide uja ndinkamudandaulabe mpaka kunyumba. Mayi akunyumba ndi amene anandigwira mkono nati, "Bambo, taonani mphete yanuyi. Si yagolide?" Zoonadi, mphete yathu ya ukwati ili dzanja lomwelo lamanzere, ndipo ndi wotchiyo zinagwirizana bwino kuposa mmene siliva akanachitira. Tinangosintha lamba wam'chiuno, ndinavala wina wakuda wa chitsulo chachikasu amene ndinali naye kale. Pazithunzi za ukwati zinaoneka bwino, ndivomereze, ngakhale kuti wogulitsayo alibe gawo pa kukongola kumeneko.

Tsopano yakwanitsa miyezi inayi. Nthawi imasunga, sindinaikonzepo chiikireni. Ndi yopepuka, nkhope yake ndi yoyera, mivi imaoneka msanga, ndipo imabisala mu mkono wa shati monga ndinkafunira. Batire lake ndi kakang'ono kaja ka SR626SW, kamene kamatha pafupifupi zaka zitatu ndipo okonza mawotchi amakhala nako. Deti ilibe, nyali ilibe, choncho magetsi akazima usiku ndimadalira foni. Amene akufuna wotchi yogwira nayo ntchito zolemetsa asagule iyi, anapangira zovala zaulemu.

Lamba wabulawuni uja anadzagwira ntchito mwezi watha pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Ndinavala shati ya chitenje ya maluwa achikasu ndi obiriwira, thalauzi la khaki ndi nsapato zabulawuni, ndipo bambo aja anandibwezeretsera lambayo osandilipiritsa. Pa chitenje ndiye golide amakhala kwawo, moti amalume anachita kundifunsa kumene ndinaigula. Ndinawauza dzina la wotchi, nambala ya mnyamatayo sindinawapatse. Kumaliro kokha sindiivala, imawala kwambiri, ndipo pamalo pamene anthu akulira sindifuna kuti maso azipita pamkono panga.

Wotchiyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Wogulitsa, imodzi. Mukamagula kwa anthu a pa WhatsApp amenewa, muwauze ajambule wotchi yeniyeniyo ili m'manja mwawo pamodzi ndi kapepala ka nambala musanatumize ndalama, osati zithunzi zotapa pa intaneti. Ukwati utatha ndinamulemberanso kuti andibwezereko K6,000 ya lamba yokha, poti kulakwitsa kunali kwake. Anawerenga uthengawo pa 11 koloko m'mawa, ndipo mpaka lero sanayankhe.