Makwadi pa Phiri la Zomba: njira amazidziwa bwino, koma zisoti za ana akonze

Ndemanga iyi ndi yokhudza achinyamata ena a mu Zomba muno amene amabwereketsa njinga zamoto za mateyala anayi, zija ana amati makwadi, komanso kuperekeza mabanja m'misewu yafumbi ya pamwamba pa phiri. Dzina la bizinesi yawo sinditchula, chifukwa ndili ndi madandaulo angapo ndipo ndinawauza kale pamaso. Tinapita mu Ogasiti, ine, mayi akunyumba ndi ana athu awiri, wamkulu wa ku sekondale ndi mlongo wake wa ku pulayimale. Ine ndinali pa njinga yanga, Yamaha AG 200 yakale, mtundu uja alangizi a zaulimi amazungulira nawo m'midzi. Enawo anabwereka makwadi. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, ndipo zinayizo ndi za mnyamata amene anatilondolera njira.

Amene mukufuna kupita ndi ana mudziwiretu kuti pamwamba paja simukapeza bwalo kapena njira yolambulidwira masewera a njinga zamoto. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo misewu yake ndi ya ntchito. Ina ndi ya a zankhalango yodutsa m'minda ya paini, ina ndi mikwasa yotchinga moto, ina inatsegulidwa ndi malole otuta mitengo ndipo imangothera pa zitsa. Mumsewu womwewo mukumana ndi lole ya matabwa, amayi osenza nkhuni, anyamata otsetsereka pa njinga zakapalasa zitasanjikizidwa nkhuni mpaka kupitirira mutu, ndiponso alendo okwera akavalo. Mapu a pafoni amakuonetsani mizere yokha. Sakuuzani kuti msewu uwu madzi anaudula pakati, kapena kuti uwo lero mukudutsa malole. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pali malo ena amene anasanduka zigwembe, moti ukhoza kutulukira pakona n'kupeza msewu palibe. Apa m'pamene ndalama yolipira wotsogolera imaonekera ntchito yake.

Tinakumana chakufupi ndi hotela ya Ku Chawe. Makwadi anabwera nawo pa galimoto, ndipo ndinakondwa kuti sanalole mwana aliyense kuyendetsa pa tala wokwera phiri uja, chifukwa ngodya zake n'zakuthwa ndipo kwadi pa tala sikhota bwino. Mateyala ake akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira mofanana, ndiye pokhota imafuna kupitirira kutsogolo kapena kunyamula mwendo. Mnyamatayo anayamba watitengera pamalo athyathyathya n'kuphunzitsa ana kwa kanthawi ndithu. Mafuta a kwadi amaponda ndi chala chachikulu cha kumanja, osati kupotokola chigwiriro ngati pa njinga ya kabaza. Anawauza kuti pokhota azipendekera mkati mwa kona, pokwera azisendera kutsogolo, potsika azibwerera kumbuyo kwa mpando, ndipo phazi lisatsike pansi zivute zitani, chifukwa teyala lakumbuyo limaponda mwendo. Kakwadi ka wamng'ono anakamanga kasikuluwu kochepetsa liwiro, ine ndikuona. Mwanayo atapempha kuti akwere pambuyo pa mayi ake, anamukaniza mwaulemu: "Ayi chemwali, mpando uwu ndi wa munthu mmodzi. Mukakwera awiri imagudubuzika." Mwana anakwinya nkhope, koma mayi ake anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo kuyambira pamenepo tinamukhulupirira.

Chigawo choyamba chinali chofewa, choyenera aliyense. Tinazungulira cha ku damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, kenaka n'kulowera ku mathithi a Williams. Pafupi ndi madzi anatiuza tizimitse injini n'kutsika wapansi. Ananena kuti mafuta kapena oyilo akadontha pamenepo, mawa tidzamwa tokha m'mipope ya kwa Chinamwali ndi ku Matawale. Mawu amenewa ana anawamva kuposa zonse zimene ndakhala ndikuwauza za ukhondo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene amawerengera msewu. Pena pake, m'kati mwa paini, anakweza dzanja tonse n'kuima. Ine sindinaone kanthu. Anatsika, n'kupalasa ndi nsapato masamba a paini aja owuma, ofiirira, amene anayala msewu wonse. Pansi pake panali dothi lakatondo lonyowa, loterera ngati therere, ngakhale kuti mvula inali italeka kalekale. Pamthunzi paja dzuwa silifika, ndipo mame ndi nkhungu zimanyowetsa nthaka m'mawa uliwonse. Anatiuza kuti tidutse mmodzimmodzi, pa giya yotsika, osagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi. Njinga yanga ya mateyala awiri ndiyo inavutika kuposa makwadi, teyala lakumbuyo linkavina. Patsogolo pang'ono anaona mapazi a mateyala akuluakulu atsopano, n'kunena kuti lole yakwera posachedwa ndipo ibwerera yodzaza, choncho tinapatukira msewu wina. Sipanapite nthawi tinaimva ikubangula kumunsi kwathu, m'kanjira kopapatiza komwe tikanakumana nayo maso ndi maso.

Ulemu wake kwa anthu apanjira nawonso ndiutchule. Tikakumana ndi amayi a nkhuni, ankatiimitsa kumbali kuti adutse popanda kuwathira fumbi, iye n'kupereka moni: "Mwaswera bwanji amayi, pepani ndi phokosoli." Titaona akavalo patali, tonse tinazimitsa injini mpaka atadutsa, chifukwa kavalo akadzidzimuka amagwetsa munthu. Mwana wanga wamkulu anafunsa ngati tingatsikeko pang'ono ndi Potato Path, kanjira kaja anthu amatsikira nako kutauni ndi katundu pamutu. Yankho linali lakuti njira imeneyo ndi ya miyendo, ndipo sanawonjezerepo china.

Kuchokera kumeneko tinadzera ku kadamu ka Chagwa mpaka ku Queen's View ndi Emperor's View. Msewu wake uli ndi miyala ndi mabampu, koma mwana woti wamvera malangizo amafika bwinobwino. Malo oyambawo anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndipo achiwiriwo ndi pamene anaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. N'chifukwa chake abale athu achi Rasta amawalemekeza kwambiri malowa. Kunali kowala tsiku limenelo. Tinaona tauni yonse pansi pathu, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo chakutali phiri la Mulanje litatuwa. Ana anayamba kulimbana kuti apeze denga la sukulu yawo. Wotiperekezayo anaimika makwadi patali ndi phompho, anachotsa makiyi n'kuwaika m'thumba mwake, kenaka ndiye anatilola kuyandikira.

Ku Chingwe's Hole anakana kupita ndi wamng'ono. Anati ndi kutali, kumadzulo kwa phiri, msewu wake ndi wa miyala yosongoka ndi malo opendekeka, ndipo mwana akatopa manja amasiya kugwira bwino. Bizinesi ina ikanangovomera kuti ndalama ichuluke. Mayi ndi mtsikana anabwerera ndi mnyamata wachiwiri kukakhala cha ku damu, akudya masitiroberi ndi mabulosi amene ana amagulitsa m'mbale m'mbali mwa msewu. Ine ndi wamkulu tinapitirira. Anali ndi chifukwa chomveka: pali malo ena pamene kwadi imapendekera mbali imodzi moti umayenera kukhalira thako limodzi chakumtunda. Injini nazonso zimachepa mphamvu, poti kumeneko uli pafupifupi mamita 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere ndipo mpweya ndi wopepuka. AG yanga inkatsamwa pokwera mpaka ndinkatsitsa giya pamalo poti kumunsi ndikanadutsa osaganiza. Dzenjelo lili m'kati mwa mitengo yowirira, ndipo akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Chapafupi pomwepo pali poonera chigwa cha Shire cha ku Liwonde, ndi anyamata ogulitsa miyala yonyezimira ya m'phirimo, ina yoyera, ina yakuda bii, atayala pa nsanza.

Tsopano madandaulo. Lalikulu ndi zisoti. Chimene anapatsa mwana wamng'ono chinali cha munthu wamkulu, chinkagwedera n'kumutseka maso akadutsa pabampu, ndipo lamba wake wapachibwano anali womangidwa ndi waya. Ananena kuti avale chipewa cha ubweya m'kati kuti chithine. Zimenezo si zoona ayi. Chisoti chosakwana chimavuka nthawi yomweyo imene chikufunika. Ndinakana kunyamuka mpaka anakabwereka china chocheperako, ndipo tinataya nthawi. Anthu amene mukulengeza kuti ntchito yanu ndi ya mabanja, zisoti za ana zikhale zoyamba kugula, makwadi owonjezera adikire. Magolovesi analibe, magalasi otchinga fumbi analibe, ndipo m'bokosi la chithandizo choyamba munali bandeji ndi sipiriti basi.

Lachiwiri, anafika mochedwa, akuti anali pamzere wa mafuta. Vuto la mafuta tonse tikulidziwa, koma foni ilipo, akanatiuza. Lachitatu, mtengo umene tinagwirizana pa WhatsApp sunaphatikize petulo, ndipo izi tinazimva titafika kale. Funsani zonse musananyamuke: mafuta, za chilolezo cha a zankhalango, ndi amene alipire chinthu chikathyoka. Buleki yakumbuyo ya kwadi ya mayi inalinso yofewa. Anaikhwimitsa pomwepo ndi sipanala ndipo inagwira bwino, koma imeneyo ndi ntchito ya dzulo lake kugalaja, osati ya pamaso pa kasitomala.

Pa za nyengo, miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa ndipo chiperoni chikagwa suona ngakhale amene ali patsogolo pako. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma ndipo moto wolusa suchedwa, choncho osaimika injini yotentha pa udzu, osasuta. Dzinja ndiye ayi ndithu kwa ana, ndipo mateyala amakumba msewu wonyowa n'kusiya ngalande zimene madzi amakulitsa. Tengani majuzi ngakhale kutauni kukutentha, nsapato zotseka, mathalauza aatali ndi madzi akumwa. Tenganinso ndalama zapamanja, chifukwa netiweki imasowa m'malo ambiri ndipo Airtel Money kapena Mpamba sizikuthandizani pogula zipatso.

Ana akuumirira kuti tibwerere pa tchuthi cha Khirisimasi. Ndawakaniza chifukwa cha mvula. Tidzapita mu Meyi nthaka itauma, tidzapempha mnyamata yemweyo, ndipo chisoti cha wamng'ono tidzagula chathu ku Limbe.