Resident Evil 2 pa PS4: gemu ndi yabwino, koma wogulitsa uja ayi

Ndiyambe ndi wogulitsa chifukwa mtima sunatsikebe. Disiki ndinaigula ya salaula pa kashopu kena ka magemu m'tauni, chakufupi ndi Cairo Road, pa mtengo uja mukuudziwa, umene amatchula akayamba ayang'ana nsapato zomwe mwavala. Mnyamata wa pamenepo analumbira kuti ndi yoyera. "Mudala, iyi sinavutepo, ndipo muzingowombera mpaka chala chitope." Nditafika kwathu ku Chilenje, disiki inayamba kukopera bwinobwino, kenako n'kuima pakati. Poitembenuza ndinapeza kuti kunsi kwake n'kokalikakalika ngati ankapalira mphika wa nsima. Nditabwerera nayo, yemwe ankanditchula mudala uja anali atandiiwala nkhope. Akuti katundu akatuluka sabwerera, akuti mwina makina anga ndiwo adzaza fumbi. Ndinaima pakhomo pomwepo n'kumauza aliyense wolowa, mpaka mwini shopu anatuluka n'kundisinthira ina. Pepani sanandipatse, ndalama ya basi ndiye musafunse n'komwe.

Za kuwombera mpaka chala chitope nalonso linali bodza. Gemu iyi ndi ija a kampani ya Capcom anaipanganso mwatsopano mu 2019, yoyamba inatuluka mu 1998, ndipo zipolopolo zake n'zowerenga. Ndinayamba ndi Leon, wapolisi watsopano amene wafika ku Raccoon City zinthu zitaipa kale. Zombi imodzi umaiwombera m'mutu kangapo, igwa, ukamabwerera njira yomweyo waipeza yadzukanso. Thumba lili ndi malo 8 okha poyamba, ndiye umayima n'kumaganiza ngati utenge kiyi kapena zitsamba zochizira mabala. Madzulo oyambirira ndinkasewera ndili ndi mkwiyo wa kushopu, ndikuzungulira m'polisi muja kufunafuna mamendulo atatu otsegulira njira ya pansi pa chosema, ndikudziuza kuti ndataya ndalama.

Maganizo anasintha nditazimitsa moto wa helikopita ija inagwera pa nyumbayo. Ndikubwerera m'kanjira kopapatiza, chimunthu chachitali chovala chijasi chakuda ndi chipewa chinangonyamula helikopitayo ndi dzanja limodzi n'kuyamba kubwera. Ameneyu ndiye Mr. X. Sathamanga, salankhula, amangoyenda. Ndinamuthira zipolopolo zonse za mfuti yaikulu zomwe ndinkasunga mosamala, iye anangogwada pang'ono, kenako n'kudzuka. Kuyambira pamenepo nyumba yonse imasanduka ina. Umamva mdidi wa nsapato zake pamwamba pako, kenako kumbali, kenako zii, ndipo zii ameneyo ndiye woipa kuposa phokoso. Ukawombera zombi, iye wamva, akubwera. Ukathamanga, wamvanso.

Pomwe ndinatsala pang'ono kuponya kontirola ndi apa. Muli zilombo zina zotchedwa Licker, zopanda khungu, ubongo uli pamtunda, zimakwawa kudenga. Sizipenya, zimadalira makutu, ndiye ukaziona umayenda pang'onopang'ono osapanga phokoso. Tsono tangoganizani: kutsogolo Licker yakakamira kudenga, kumbuyo mdidi ukuyandikira. Kuthamanga n'kufa, kuchedwa n'kufanso. Ndinanyang'ama pansi pa chilombocho mpweya nditaugwira ine mwini pampando, ndipo chitseko chitangotseguka kumbuyo ndinaliyatsa liwiro kulowera ku holo yaikulu, poti m'mene muli taipilaita yosungira gemu ndinkayesa kuti ndi mopumira. Mkuluyo analowa momwemo. Ndinakuwa mokweza moti mlongo wanga anatuluka kuchipinda kudzafunsa ngati kwalowa akuba. "Achimwene, zaka zonsezi mukuopa katuni?" Ndinamupatsa mahedifoni kuti amve yekha. Sanathe ngakhale mphindi, anandibwezera.

Zipinda zing'onozing'ono zosungiramo katundu ndizo salowa, ndipo kanyimbo kofatsa ka m'menemo ndinafika pokakonda kwambiri. Ku laibulale, komwe umayenera kukankha mashelefu a mabuku iye ali m'khosi mwako, ndinatukwana ndithu, koma kunali kutukwana kokoma. Apa ndi pomwe ndinavomera kuti kuchepa kwa zipolopolo kuja n'kochita kufuna. Ukanakhala nazo zambiri sukanaopa chilichonse. Ngakhale wogulitsa uja ndinamukhululukira pang'ono, pang'ono pokha, poti akananena zoona mwina sindikanaigula.

Si zonse zomwe zinandisangalatsa. Mukatuluka m'polisi n'kutsikira ku ngalande za zonyansa, gemu imazizira. Kufunafuna mapulagi ooneka ngati zidutswa za chesi kunanditopetsa, ndipo chilichonse kumeneko n'chobiriwira ndi chonyowa mofanana. Ku labu ya Umbrella, kampani yomwe inayambitsa mavuto onsewa, gemu imadzukanso, makamaka zomera zija zosafa pokhapokha utaziwotcha. Chinanso, kuti muone mathero enieni muyenera kuseweranso ndi munthu wachiwiri. Ndili pakati ndi Claire panopa. Mfuti yake yoponya mabomba ndi yokoma, ndipo gawo la kamtsikana Sherry kobisala kunyumba ya ana amasiye linandiumitsa pakamwa, koma zitseko zambiri ndi zomwe zija, William Birkin, wasayansi amene anasanduka chilombo, ukumenyana nayenso malo omwe aja. Ndinkayembekeza kuti nkhani ziwirizi zilumikizana bwino kuposa apa.

Kwa ife a mu Lusaka, malaiti mukuwadziwa. Musayambe ndi Hardcore, levo yovuta kwambiri. Kumeneko gemu siidzisunga yokha, umafunika riboni ya inki nthawi iliyonse ukafuna kusunga, ndipo maribonizo ndi ochepa. Malaiti akapita uli kutali ndi taipilaita, zonse wachita usiku umenewo zapita. Pa Standard, levo yapakati, imadzisunga yokha malo ena, mtima umakhalako m'malo. Mahedifoni ndi ofunika, chifukwa pa masipika a TV simudziwa mbali yomwe mdidi ukuchokera. Ana aang'ono asakhale pafupi, mabala ake amaoneka enieni kwambiri.

Gemu ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Amene ali ndi Resident Evil 7 ya PS4 cha ku Kabwata kapena ku Libala, ndikamaliza Claire tisinthane.