Makalasi a Chingerezi a Lamlungu pa boma la Ntcheu: zomwe ndaona m'miyezi itatu

Ndimagulitsa kachewere ndi kabichi ku Lizulu. Fomu 4 ndinalemba mu 2016. Maphunziro ena ndinakhoza, koma Chingerezi ndinapeza 9, ndipo aliyense amene anakhalapo pa mayeso a MANEB akudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona. Chaka chino ndinaganiza zobwereza. Mnzanga wa pamsika ndi amene anandilozera kwa mayi ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi, omwe amaphunzitsa Lamlungu lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, m'kalasi yobwereka pa boma la Ntcheu. Timalipira K12,000 pamwezi.

Chimene chandigwira mtima ndi mmene Madamu anatiphunzitsira kukana pa timawu tija tothandizira mneni: can, may, must, should, will. Malamulo ake oyamba sanachedwe nawo. Timawuti sitilandira s ngakhale ukunena za munthu mmodzi, ndipo pokana sitifuna do kapena does, umangoika not motsatira kaliwuko basi. Cannot amalembedwa ngati liwu limodzi, will not akafupika amakhala won't. Izi zinatha mphindi makumi awiri.

Kenako analemba pabolodi kuti You must pay today, n'kutiuza kuti tikane. Tonse tinalemba You mustn't pay today. Iwo anandiyang'ana, poti amadziwa ntchito yanga, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, kasitomala wako wokhulupirika ndalama zamuperewera, iwe ukufuna kumuuza kuti atha kudzalipira mawa. Ungamuuze zimenezi?" Ndinati ee. Anapukusa mutu. Mustn't ndi kuletsa, ndiye kuti wamuuza kuti asayerekeze kulipira lero. Ukafuna kunena kuti palibe chomukakamiza, umati You needn't pay today kapena You don't have to pay today. Must ndi have to amayendera limodzi, koma ukangowakana amasiyana njira. Ine mawu athu oti "simukuyenera" ndinkawamva mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake pa Chingerezi ndinkangosakaniza. Zaka zinayi za kusekondale palibe anandimasulirapo mfundo imeneyi, ndipo tsikulo ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee.

Sabata yotsatira anatisonyeza must wina, woganizira. He must be at home, ayenera kuti ali pakhomo. Ameneyu pomukana sutenganso mustn't, umati He can't be at home, sangakhale pakhomo. Chimodzimodzi may not ali ndi nkhope ziwiri: She may not come ndi "mwina sabwera", pomwe You may not enter ndi "simukuloledwa kulowa". Madamu salola kuti tiloweze pamtima. Chiganizo chilichonse amati tiyambe tachinena m'Chichewa, tione ngati tikuletsa, tikukayika kapena tikumasula munthu, ndiye tisankhe liwu.

Pamene kalasi yonse inavutika ndi pa kuyankha funso lokana. Kwathu kuno munthu akafunsa kuti "Simubwera?", ukati ee ndiye kuti wavomera kuti subweradi. Mzungu akafunsa Won't you come? ndipo iwe subwera, yankho ndi No, I won't. Ukati yes akudikira. Bambo wina wa kabaza amene timaphunzira naye anatsutsa kwa nthawi ndithu, Madamu osatopa, mpaka anatiimika awiriawiri kumafunsana mokweza.

Zodandaula zilipo. Tilipo oposa 30 m'kalasi imodzi, ndiye ntchito yomwe timalemba sachonga yonse, nthawi zambiri timasinthana makope n'kuchongerana tokha. Mapepala a fotokope amene amatigawira zilembo zake n'zofufutika, ena sawerengeka n'komwe. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti miyezi itatu yonseyi tathera pa galamala, chimangirizo talemba kamodzi kokha, pomwe pa mayeso chimangirizo sungachithawe. Ndinawauza, anati tiyamba mwezi wamawa. Komanso amakonda kupitirira nthawi. Kwa ife a ku Lizulu, kudikira minibasi pa M1 dzuwa litalowa, ndi mphepo ya kuno, si zinthu zopepuka, ndipo thiransipoti yopita ndi kubwera pamwezi imadya ndalama yofika pa fizi yomweyo.

Kwa amene vuto lake ndi galamala ngati ine, ndalamayi siipita pachabe. Amene akufuna chimangirizo ndi mabuku a litiricha ayambe wafunsa kaye asanalipire. Mukapita mufike 2 koloko isanakwane kuti mupeze benchi yakutsogolo, chifukwa mawu a Madamu ndi apansipansi. Ine ya mwezi wamawa ndalipira kale. Lamlungu likubwerali tikuyamba shouldn't have ndi needn't have.