Chiphaso chopalasira njinga m'phiri la Tokai: chatha, ndipo ndikukagula china

Ndimakonza njinga pa shopu ina kum'mwera kwa Cape Town. Zaka zitatu zoyamba ndinkangomanga magiya ndi kupopa matayala a njinga zodula kuposa nyumba ya mayi anga ku Zomba, osadziwa komwe eni ake amakazivulazira. Lolemba lililonse zinkabwera zili matope okhaokha, tcheni chadzaza mchenga, mabuleki atatheratu. Ukafunsa, yankho linali limodzi: Tokai. Kenako kasitomala wina anandigulitsa njinga yake yakale motchipa, ndinaikonza pang'onopang'ono ndikaweruka, n'kukagula chiphaso cha chaka chonse. Chatha mwezi uno, ndipo anzanga a ku tchalitchi akhala akundifunsa ngati sindinataye ndalama.

Tokai ili m'munsi mwa phiri la Constantiaberg, mkati mwa Table Mountain National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1998 ndipo imayang'aniridwa ndi SANParks, bungwe la boma losamalira mapaki ku South Africa. Malowo ndi a boma, koma sungangolowa ndi njinga ngati ukupita kuchigayo. Pamafunika chiphaso, chomwe kuno amati activity permit, cha tsiku limodzi kapena cha chaka. Cha chakacho chimagwiranso ntchito pa njira zina zololedwa m'pakimo, monga za ku Silvermine. Ine ndinanyamula pasipoti ndi tizithunzi, ndinalipira, basi. Kwa munthu wa malipiro ngati anga ndalamayo imamveka ikamatuluka m'thumba, sindinama. Koma ndinapalasa pafupifupi Loweruka lililonse lopanda mvula, ndipo ndikanati ndizilipira tsiku ndi tsiku bwenzi nditasiya kalekale.

Chimene sindinkadziwa pogula n'chakuti khadilo limangokutsegulira geti. Tinjira timene umatsetserekamo tija tinakumbidwa ndi manja a opalasa njinga eni ake, ndipo anachita kutivutikira.

Mu Malichi 2015 moto waukulu unayamba cha ku Muizenberg n'kusesa mapiri mpaka ku Tokai. Mitengo ya paini inapsa, ina inatsala chiimire koma yoti ikhoza kugwera munthu nthawi iliyonse, ndipo inayenera kudulidwa. Nthaka inatsala pambalambanda. Malo onse anatsekedwa, ndipo njinga sizinabwererenso mpaka kumapeto kwa 2016. Akuluakulu amene amabwera pa shopu amaikambabe nthawi imeneyo ngati mmene kwathu timakambira chaka cha njala. Njira yachidule inalipo, yongozemba m'bandakucha n'kumalambula kanjira kako mobisa. Koma magulu a opalasa njinga, monga TokaiMTB ndi Pedal Power Association, anasankha njira yotopetsa ija: misonkhano, mapu, kusonkha ndalama, kumvana ndi oyang'anira paki kuti apa njinga idutse, apo isadutse. Nkhani si kuuma mtima chabe. Tchire la kuno, lotchedwa fynbos, lili ndi zomera zambiri zosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo mbewu zake zina zimadikira moto kuti zimere. Tayala likadutsa pa nthaka yopsa kumene, lapha mbewu isanatuluke.

Ndinazimvetsa bwino tsiku lomwe ndinapita nawo kukakonza njira. Abale anga, ndinaseka chamumtima. Ine ndinachoka kumudzi pothawa khasu, kudzapeza madokotala ndi maloya akulima phiri Loweruka m'mawa popanda wowalipira, khasu ataligwira ngati ndodo ya gofu. Mkulu wina amene ankatsogolera ntchito anayamba kundifotokozera mwachifatse kuti njira isamalunjike kumunsi, iziyenda mopingasa phiri, ndipo pakadutsa kamtunda pang'ono pazikhala kangalande kotayira madzi kumbali. Ndinati, "Bwana, zimenezi alangizi anatiphunzitsa kale kumunda. Mizere ikalunjika kumunsi, mvula imodzi yokha chimanga chonse chapita kudambo." Anandiyang'ana, n'kundipatsa khasu lake. Pofika masana ndinali ndi ophunzira anayi. Kanjira kobisa kamalephera pomwepa: wokumba usiku alibe nthawi ya ngalande, amangolunjika kumunsi chifukwa n'kokoma kutsika, ndipo mvula ya Juni ndi Julaye ikabwera kanjirako kamasanduka chigwembe. Njira yololedwa ukhoza kuikonza dzuwa likuswa mtengo, ndi wilibala ndi fosholo, mlonda wa paki akukupatsa moni.

Kupalasa kwake nanga? Kumayamba ndi chilango. Umakwera mtunda wautali pa msewu wa miyala, ndipo chichotsereni paini mthunzi ndi wochepa, moti m'chilimwe cha kuno, Disembala mpaka Febuluwale, ukachedwa kunyamuka umapsa ngati mbatata. Wofuna kudzizunza akhoza kupitirira mpaka pa nsanja ya mawailesi pamwamba pa Constantiaberg, mamita oposa 900 kuchokera panyanja. Ine ndinafikako kamodzi, ndipo kamodziko n'kokwanira. Ukacheuka umaona minda ya mphesa ya ku Constantia ndi nyanja ya False Bay ili mbee.

Potsika m'pamene pali ndalama yako. Tinjira tina anatipatsa maina a njoka: Boomslang, Cobra, Mamba. Timakhotakhota momwemo, m'makona anaunjikamo dothi ngati mthumbira kuti njinga itsamire osaterereka. Ina amaitcha Vasbyt, mawu a Chiafrikaansi onena kuti pirira. Ndili mwana ndinkaona azibambo akutsika phiri la Zomba ndi njinga zosenza nkhuni mulu wotalika kuposa iwo eni, mabuleki ake phazi, ndipo ndinkaganiza kuti palibe chotsetsereka chingandiopse. Ulendo wanga wachiwiri pa Cobra ndinafinya buleki yakutsogolo pamwala, njinga inaima, ine ndinapitirira. Chigongono chinasupuka, chipewa chinang'aluka. Cholakwa chinali changa. Zikwangwani zimaonetsa kuti njira iyi ndi ya ophunzira, iyi ndi ya akatswiri, koma ine ndinawerenga ndi mtima wa ku Zomba.

Zosakoma ziliponso. Anyani a ku Tokai saopa munthu, ndipo akudziwa kuti chikwama ndi nkhokwe. Wina anandilanda buledi ndi mazira owiritsa ndikusintha chubu, n'kukhala pa chitsa kumadya akundiyang'ana. Osawapatsa chakudya, osalimbana nawo. Nyengo ya mvula tinjira tina timafewa, ndipo kupalasamo n'kuwononga ntchito ya anzako. Moto nawo sunapite: mu Epulo 2025 unabukanso kumeneko ndipo njira zinatsekedwanso, choncho musananyamuke yambani mwafunsa ngati kuli kotsegula. Komanso phiri ndi phiri, ndipo mzinda uno tonse tikuudziwa pa nkhani ya akuba. Ine sindipita ndekha, ndipo foni imakhala m'kati mwa malaya.

China chimandikhudza pang'ono. M'mawa ndikamapita, mumsewu wa Tokai ndimakumana ndi abale athu ambiri pa njinga, akuthamangira kukasamalira maluwa m'nyumba za ku Constantia. Miyendo yawo ikhoza kusiya theka la anthu amene ndimawapeza kuphiri. Koma mkati mwa geti ndinakumana ndi wolankhula Chichewa kamodzi kokha chaka chonse, ndipo tinaima pakati pa mtunda kufunsana za kumudzi mpaka thukuta linauma.

Amene muli ndi njinga ya matayala okhuthala ndi mabuleki ogwira, yambani ndi chiphaso cha tsiku limodzi, chipewa kumutu, mabotolo awiri a madzi, pampu ndi chubu chapadera. Yambirani tinjira ta m'munsi. Mukakonda, m'pamene mugule cha chaka. Njinga ya kaliyala yopitira kuntchito isiyeni kunyumba, ingakupwetekeni.

Ine tizithunzi tatsopano ndajambulitsa kale. Ndipo mkulu uja wanditumizira uthenga kuti tsiku lokonza njira likubwerali ndisaiwale, pali kona ina madzi akuima ndipo akufuna ndikaione ndisanayambe kuwaseka kagwiridwe ka khasu.