IntelliJ IDEA yandipepukitsira ntchito pa factory method

Amene mumalemba Java, IntelliJ IDEA, pulogalamu yolemberamo khodi ya kampani ya JetBrains, ndaikonda zedi. Khodi yanga inali ndi new Galimoto() paliponse, mafayilo ambirimbiri, ndiye ndinangodina pa constructor (khodi yomwe imaitanidwa ndi new popanga object), kupita pa Refactor, kusankha Replace Constructor with Factory Method, basi malo onse aja inasintha yokha kuti aziitana method imodzi yopanga object (factory method), constructor n'kukhala private. Mtima unakhala pansi.

Koma dziwani kuti imakupangirani static method chabe, si pattern ya Factory Method ya m'buku la Design Patterns la 1994, lomwe alembi ake anayi amatchedwa Gang of Four, yomwe subclass iliyonse imasankha yokha object yoti ipange. Imeneyo ndinalemba ndekha, createGalimoto() kukhala abstract, subclass ina kubweza Lole ina Minibasi, ndipo Ctrl+I inandiikira ma method onse ofunika kudzaza.